Nyumba ya matabwa ya ku Mafalala

Ku Mafalala, m'mphepete mwa mzinda wa Maputo, kuli nyumba ya matabwa ndi malata imene ankakhalamo Noémia de Sousa, mlakatuli wobadwa mu 1926. Ndakatulo zake zodziwika anazilemba pakati pa 1948 ndi 1951, asanapite ku Lisboa. Mukaiona simungadabwe nayo: ambiri kuno kumalire tamanga za njerwa zoposa imeneyo.

Koma matabwawo ali ndi cifukwa cake. Apwitikizi sankalola anthu akuda kumanga ndi simenti m'madera otere, kuti tsiku lofuna malowo kugwetsa kusavute. Osauka ankamanga ndi bango. Wamatabwa ndi malata ndiye anali wopezako bwino. Conco nyumbayo ikutiuza pamene munthu wakuda ankaloledwa kufika, ndi pamene ankamuimitsa.

Cimene sindigwirizana naco ndi kuyamikira nyumba zotere ngati zithunzi za alendo. Muli anthu mmenemo. Malata amaotca mwezi wa Novembala, ciswe cikudya mizati, mvula ikagwa madzi amadzaza tinjira. Wouza banja kuti lisagwetse, ayambe wagula thabwa lolowa m'malo mwa lowola lija. Apo ayi, mwininyumba adzaumba mabuloko, ndipo ine sindidzamudzudzula.