Tabitha Chawinga ndi Makwerero Asanu a Zosowa za Munthu

M'caka ca 1943 munthu wina wa ku America, dzina lace Abraham Maslow, wophunzira za mtima ndi maganizo a anthu, analemba kuti zosowa za munthu ziri za mitundu isanu, zosanjikizana ngati makwerero. Pansi peni peni pali zosowa za thupi, ndizo cakudya, madzi ndi tulo. Pamwamba pa izi pali kukhala mosaopa, kenaka cikondi ndi cibale, kenaka ulemu, ndipo pamwamba pa zonse pali kufikitsa pa cimace mphatso imene munthu anabadwa nayo. Iye anati kawiri kawiri munthu salabadira khwerero lapamwamba pamene lapansi lisanakhazikike.

Ife a kuno ku Chilwa sitingakane mau awa msanga. Pamene nyanja inaphwa m'caka ca 1995, matemba ndi makumba nasowa pa doko la Kachulu, msodzi sanali kuganiza za ulemu wace ai. Anali kufuna ufa. Koma bwato liyesedwa pa madzi, ndipo ciphunzitso ciyesedwa pa moyo wa munthu. Tsono tiyeni ticiyese pa Tabitha Chawinga, mwana wa dziko lino amene wamveka kutali ndi mpira wa miyendo.

Tabitha anabadwira ku Rumphi m'caka ca 1996, nayamba kusewera mpira pamodzi ndi anyamata. Masiku amenewo panalibe mkazi wa m'Malawi amene anapita ku Ulaya kukalandira malipiro a mpira. Comweco sitinganene kuti cimene cinamkokera ku bwalo ndi cakudya kapena ndalama, pakuti njira yotero inali isanapondedwe.

Pa khwerero laciwiri ndipo pali zowawa. Iye mwini wanena kuti makolo ace sanakondwere nao mpirawo, namlanga cifukwa ca iwo. Wanenanso kuti ali ndi zaka 13 anambvulitsa pa masewera, pofuna kuona ngati alidi mtsikana, cifukwa anaposa anzace mphamvu. Mwana wocitidwa manyazi otere alibe pokhala mosaopa, ndipo potsata Maslow tikadayembekeza kuti aleka. Koma sanaleke. Anasewera m'timu ya DD Sunshine ku Lilongwe, ndipo m'caka ca 2014, asanakwane zaka 20, anapita ku Sweden, dziko lozizira, la cinenero cacilendo, kutali ndi abale ace onse. Apa anaika pa ciswe khwerero lacitatu lomwe.

Ulemu unadza pambuyo. M'caka ca 2017 anamwetsa zigoli 26 m'timu ya Kvarnsveden, naposa osewera onse a m'ligi yaikuru ya Sweden, cinkana timu yaceyo inatsitsidwa caka comweco. M'caka ca 2018 anapita ku China. Ku Italy, ndi timu ya Inter Milan, anaposanso onse ndi zigoli 23 m'nyengo ya 2022 ndi 2023. Ku France, ndi Paris Saint-Germain, anatero ndithu ndi zigoli 19 m'nyengo yotsatira, nalowa timu ya Lyon m'caka ca 2024.

Kodi tsono Maslow analakwa? Pa ndondomeko ya makwerero, moyo wa Tabitha umtsutsa: iye anagwira khwerero lacisanu ali mwana, pamene laciwiri, lacitatu ndi lacinai anali ogwedera. Koma ticite cilungamo. Maslow mwini anabvomera kuti alipo anthu ena amene mphatso yao iwakakamiza kwambiri kotero kuti saima ngakhale asowe zina. Khalidwe la Tabitha liri la mtundu umenewo. Cimene akuru a kumudzi akadacicha makani, ndico cimene cinamuimiritsa pa bwalo pakati pa alendo.

Ndipo pali pena pamene Maslow ananena zoona ndithu. Cosowa cimene sicinakwanitsidwe sicifa, cingodikira. M'caka ca 2021, atachuka kale, Tabitha anaulula poyera za kumbvulitsa kuja, napempha kuti atsikana osewera mpira atetezedwe. Munthu amene walandira ulemu wa maiko ambiri anabwerera ku khwerero laciwiri, kumene anapwetekedwa ali wamng'ono, kuti akalikonzere ena.

Pamene ciphunzitsoci cicepa kwa ife ndi apa: Maslow aonetsa munthu akukwera yekha, ndipo cibale acisiya pakati pa makwerero ngati malo opumulirapo. Kwathu kuno amene wakwera mu mtengo wa mango amagwetsera ali pansi. Mng'ono wace Temwa anamtsata ku Kvarnsveden, napitanso ku China, ndipo m'caka ca 2024 anamwetsa zigoli 20 m'timu ya Kansas City Current, naposa onse m'ligi ya ku America. Njira imene wamkuru anailambula ndi misozi, wamng'ono anaipeza yoyera. Kwa munthu wotere cibale ciri pamwamba pomwe, pamodzi ndi mphatso.

Tisanyengedwe kuyesa kuti mtsikana ali yense wothamangira cikulunga pa dambo adzafika ku France. Odya za mpira ndi owerengeka, ndipo sukulu siyenera kusiyidwa. Tisanenenso kuti mabvuto ndiwo anampanga Tabitha, cifukwa cace tiwasiye ana abvutike. Iye anapirira, koma ambiri ocitidwa manyazi otere amangokhala pansi osadzukanso, ndipo maina ao sitiwamva. Pa iwo mau a Maslow akwanira kwathunthu.

Inu makolo ndi aphunzitsi a ku Kachulu, ku Chisi ndi m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, mphatso simungaiike mwa mwana, ndipo kuicotsa ndi mkwapulo nkobvuta. Nchito yanu iri pa makwerero apansi: mwana adye, agone mosaopa, adziwe kuti kwao amkonda, ndipo pa bwalo la sukulu pasapezeke munthu wamkuru wolamula mwana wamkazi kubvula kuti khamu likhulupirire. M'mera mpoyamba. Mukakhazika anai amenewa, lacisanu adzakwera yekha.