Kasitima ka ku Darjeeling

Kuyambira 1881, kasitima ka ku Darjeeling, ku India, kamakwera mapiri pa njanji yopapatiza, ya masentimita 61 okha m'lifupi. Phiri likachita njo, kamabwerera chambuyo n'kupitanso kutsogolo, kukwawa mokhotakhota mpaka ku Ghum, mamita 2,258 m'mwamba. Pa injini zamalasha, amuna amakhala kutsogolo n'kumawaza mchenga panjanji kuti mawilo asaterereke. Manja amenewa ndimawalemekeza.

Wofuna liwiro angati njanjiyi ikulitsidwe. Koma kuno waulendo amaona minda ya tiyi bwinobwino, misika ikukhudza zenera, ana akubayibitsa. Mu 1999, UNESCO inaika njanjiyi pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Aikonze, aisamalire, koma kuyenda kwake kodekhako akusiye momwemo.