Nyimbo Imodzi, Nkhope Ziwiri: Luso la Joni Mitchell

Mlimi akakolola amabwerera m'munda kukakunkha zotsalira. Waluso nayenso, zaka zikapita, amabwerera ku ntchito zake zakale. Funso ndi lakuti: kodi kubwererako n'kungotenthetsa mkute, kapena kumabala chinthu chatsopano? Ntchito za Mayi Joni Mitchell a ku Canada zimathandiza kuyankha funsoli.

Mayiwa adabadwa m'chaka cha 1943. Ali ndi zaka 9 adadwala poliyo, matenda amene adafooketsa dzanja lawo lamanzere, motero adazolowera kukunga nsambo za gitala m'njira zawozawo. Asanatchuke ndi nyimbo adaphunzirako zojambulajambula mumzinda wa Calgary, ndipo zithunzi za pa zikuto za zimbale zawo zambiri adajambula okha. Choncho wofuna kuweruza luso lawo ayenera kutchera khutu, komanso kupenyetsetsa.

Chimbale cha Clouds chidatuluka mu 1969. Pachikuto pake pali mtsikana wa nkhope yosalala, atagwira duwa lofiira, kumbuyo kwake kuli mtsinje ndi thambo lapsuu. M'chimbalemo muli nyimbo ya Both Sides, Now, m'mene woyimba akusinkhasinkha za mitambo, chikondi ndi moyo, navomereza kuti ngakhale waziona mbali zonse, sakuzimvetsa. Liwu ndi lanthetemya, gitala akulira mopepuka. Nyimboyo ndi yokoma, koma womvera angathe kukayika: mwana wa zaka 25 waona zotani kuti alankhule ngati nkhalamba? Mawu ndi olemera kuposa liwu lowanyamula.

Mu 2000, ali ndi zaka 56, Mayi Mitchell adatulutsa chimbale china m'mene adaimbanso nyimbo yomweyo. Mawu ake sadasinthe kwenikweni, koma zina zonse zidasintha. Liwu lidatsika ndi kusasa chifukwa cha ukulu ndi fodya. M'malo mwa gitala mmodzi mudalowa gulu lalikulu la zoimbira, zimene adalinganiza Vince Mendoza. Nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono, woyimba akupuma pakati pa mawu monga munthu wokumbukira zimene zidamugwera. Chikuto nacho chikuvomereza: mayi wachikulire wakhala yekha m'nyumba yomwera mowa, ndudu ili m'manja, tambula ya vinyo ili patsogolo. Kuseri kwa chikuto adadzijambula atatembenuka msana, kuti woona aone mbali zonse ziwiri monga ikunenera nyimbo.

Apa m'pamene pagona mphamvu ya ntchitoyi. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma pano mawu a mtsikana ndiwo adagonera zaka 31 kufikira mwini wake atakula mokwanira kuwasenza. Mu 1969 kusamvetsa moyo kudali kudabwa kwa wachinyamata. Mu 2000 kudasanduka kuvomereza kwa munthu amene wayenda ulendo wautali osapeza yankho. Wojambula sadabise makwinya, woyimba sadabise kusasa kwa liwu. Kuona mtima kumeneku n'kumene kumakhudza womvera.

Komabe pali pofooka. Nthawi zina zoimbira zimachuluka mpaka kukuta nyimbo imene kukoma kwake kudali m'kuphweka. Ndiponso waluso wokonda kudziyang'ana angathe kugwa m'mbuna ya kudzimvera chisoni. Pachikuto cha Turbulent Indigo, chimbale cha mu 1994, Mayi Mitchell adadzijambula atamanga khutu, motsanzira chithunzi cha 1889 cha Vincent van Gogh, wojambula amene adavutika ndi umphawi. Chithunzicho n'chaluso, koma kudzifanizira ndi munthu wotero pamene dzina lako ladziwika dziko lonse kuli ngati kulira njala nkhokwe ili tho. Chodabwitsa n'chakuti chimbale chodandaulacho chidapata mphotho ziwiri za Grammy, imodzi ya nyimbo, ina ya chikuto.

Mu 2015 mayiwa adadwala mwakayakaya mtsempha wamagazi utaphulika mu ubongo. Atachira, adaimbanso nyimbo ija mu 2022 ku Newport ndi mu 2024 pamwambo wa Grammy, ali chikhalire pampando. Mawu adali omwe aja, koma tanthauzo lidazamanso. Izi zikuonetsa kuti kubwerera ku ntchito yakale kumapindula pokhapokha wobwererayo atabwera ndi kanthu kamene adalibe poyamba.