Kuunika Mwambi: "Chetechete Sautsa Nyama"

Mwambiwu udachokera ku uzimba. Alenje akangoti zii, nyama sidzuka m'tchire. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wosayankhula sapeza thandizo. Koma kodi phunziroli limagwira ntchito paliponse?

Tiyerekeze kuti msodzi wa ku Senga Bay wamangidwa pomuganizira kuti waba chilimira. Akatsata mwambiwu, ayankhula zambiri msanga pokhulupirira kuti apolisi amumasula. Komatu mawu akewo amalembedwa, ndipo angathe kudzamutsutsa m'bwalo la milandu.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa womangidwa ufulu wouzidwa chifukwa chomumangira, wokhala chete, woonana ndi loya ndiponso wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48. Kufunika kwa ufuluwu kumaoneka tikakumbukira mlakatuli Jack Mapanje, yemwe adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Choncho kufooka kwa mwambiwu n'kwakuti susiyanitsa mboni ndi woganiziridwa mlandu. Mboni ithandize apolisi poyankhula zoona. Woganiziridwa adikire loya, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamayeso musamangomasulira mwambi. Onetsaninso pamene ukuyenera ndi pamene ungasocheretse munthu.