Injini imamwa, siilemera: kuunika Chichewa cha pagalaja

Pali mawu awiri a Chingerezi omwe amamuyalutsa msanga womasulira wongodalira dikishonale: "rich" ndi "lean". Pa nkhani za injini, liwu loyambalo limatanthauza kuti mafuta omwe akulowa achuluka kuposa mpweya woti uwathandize kuyaka. Lachiwirilo, mafuta achepa, mpweya ndiye wachuluka. Womasulira liwu ndi liwu amatulutsa "injini yolemera" ndi "injini yowonda". Mchewa akawerenga "yolemera" aganiza kuti injiniyo njofunika anthu awiri kuinyamula, poti papepala kulemera kwa katundu ndi kulemera kwa chuma timalemba chimodzimodzi. "Yowonda" ndiye ayi ndithu, imeneyo ikufunika kuchipatala. Zoseketsa, eya. Koma kuseri kwake kuli funso lomwe ife ophunzira chiyankhulo timalizemba: kodi Chichewa chokambira injini chilipo kale, ndipo ngati chilipo, n'chokwanira?

Funsoli ndiliyesa kaye pa injini yomwe ilibe chisoni ndi munthu wosamva mawu bwino: kainjini ka timagalimoto tampikisano toyendetsa ndi rimoti, komwe eni masewerowa amakatchula "nitro". Si masewero akwathu amenewa. Kwathu mwana amapinda mawaya, n'kumalira yekha pakamwa m'malo mwa injini. Koma ku Ulaya, ku America, ku Japan ngakhalenso ku South Africa, akuluakulu a ndevu zawo amapikisana nato timagalimototi, ndipo bungwe la IFMAR, lomwe linakhazikitsidwa mu 1979, limayang'anira mipikisano ya dziko lonse. Musanyengedwe ndi ka- ndi ti- wanga. Gulu la Ka-Ti limachepetsa chinthu n'kuchipeputsiratu, pomwe kainjini ka 3.5 cc kamatha kuzungulira koposa ka 30,000 pa mphindi imodzi. Yerekezani ndi njinga yamoto ya kabaza, ya 125 kapena 150 cc, yomwe siifika n'komwe theka la liwiro limenelo.

Kainjinika sikamwa petulo. Kamamwa methanol wosakaniza ndi nitromethane, kawirikawiri magawo 20 mpaka 30 pa 100 aliwonse, komanso oyilo. Pulagi yake siithetheka moto ngati ya njinga. Ili ndi kawaya ka platinum komwe kamangokhala psu injini ikamalira. Pa kabuleta pali tisikuluwu titatu: kamodzi koyang'anira mafuta galimoto ikamathamanga kwambiri, kena ikamanyamuka, kachitatu koti injini isazime ikaima. Palibe kompyuta yowerengera munthu. Pali khutu, maso oonera utsi, ndi sikuludiraiva. Amapotokola pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo 12 a mzungulo, zomwe iwo amati "ola limodzi" potengera nkhope ya wotchi.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Poti oyilo amalowera limodzi ndi mafuta, ukachepetsa mafuta wachepetsanso chofewetsa zitsulo, wachepetsanso choziziritsa. Ndipo injini yomanidwa mafuta imalira mokoma, mwakuthwa, n'kumathamanga kuposa kale. Utsi wobiriwira uja umatha, kutentha kumakwera, kenako pisitoni n'kungoti gwa. Injini yochulukidwa mafuta imangokukwiyitsa: yaulesi, yautsi, yozimazima. Yochepekedwa mafuta imakusangalatsa kaye, kenako imakusaukitsa. Choncho pa mawu awiri aja, lofunika kuti lisasokonekere ndi "lean".

Tibwere kwathu ku Neno, komwe sayansi yomweyi ili pamsewu tsiku ndi tsiku. Boma lathuli, lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, lili ndi nyengo ziwiri m'thumba limodzi: kumunsi ku Zalewa ndi ku Lisungwi, m'chigwa chotentha cha Shire, ndi kumtunda kwa Dambe, m'mapiri ozizira a Kirk Range. Misewu yake aliyense amaidziwa mbiri yake, n'chifukwa chake njinga yamoto ndiye basi, ndiye lole, nthawi zina ndiye ambulansi. Munthu akamakwera mtunda mpweya umapepuka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 pa mamita 1,000 aliwonse. Kuzizira kumabwezako pang'ono, koma osati konse. Kabuleta yomwe yachunidwa bwino kuchigwa imapezeka yachulutsa mafuta kumapiri. Choopsa ndi kubwerera: makaniko wakumtunda akaichepetsera mafuta kuti ikoke bwino kumeneko, ikatsikira ku Zalewa imakapeza mpweya wochuluka, dzuwa lili phwee, katundu wa mbatata kumbuyo. Wampikisano wa "nitro" amachuna injini yake nyengo ikangosintha. Wakabaza wa ku Neno amadutsa nyengo ziwiri pa ulendo umodzi ndi kabuleta yomweyo.

Nanga amakaniko amazikamba bwanji zimenezi? Osati ndi afotokozi ngati Chingerezi. Amagwiritsa ntchito aneni, ndipo aneni ake ndi a thupi la munthu. Injini imamwa, imatsamwa, imatsokomola, imalira, imakoka, imatentha, imafa. Wakabaza akafika pagalaja sanena kuti chisakanizo cha mafuta ndi mpweya chasokonekera, amati, "Achimwene, tamverani njingayi, ikumwa kwambiri, ndipo ndikaikoka ikutsamwa." Chiganizo chimenechi n'cholondola kuposa "injini yolemera" kutalitali. "Ikumwa kwambiri" ikutiuza za thanki. "Ikutsamwa" ikutiuza nthawi yeniyeni yomwe vuto likuonekera, komanso chifukwa chake, poti munthu amatsamwa chakumwa chikamuchulukira pakhosi mpweya n'kusowa podutsa. Kabuleta imachitanso zomwezo ndendende. Onjezanipo amvekero: utsi uli tolotolo, ikungoti phuphuphu, kenako zii. Mabuku a Chingerezi a "nitro" amavutika kwambiri kufotokoza kalilidwe ka injini ndi mawu, mpaka amangoti upite ukamve kwa wodziwa. Chichewa chili ndi gulu lathunthu la mawu lomwe ntchito yake ndi imeneyo. Apa sindikuona chifukwa choti wolemba apeke liwu latsopano. Akuyenera kungopita pagalaja ndi kope.

Koma tisachiyamikire mopitirira. Chichewa cha pagalaja chili ndi dzenje, ndipo lili pamalo oipa. Mbali ya mafuta ochuluka ili ndi mawu ambirimbiri. Mbali ya mafuta ochepa ilibe liwu lake lodandaulira. Choipa kwambiri, mawu omwe amafotokoza zizindikiro zake zoyamba ndi otamanda: yapepuka, ikukoka bwino, siikumwa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, petulo n'kufika K2,530 pa lita, ndipo nthawi zomwe amasowa anthu amagula wa m'zigubu pa mtengo woposa pamenepo. M'dziko lotere "siikumwa" ndi nyimbo yokoma m'khutu la mwini njinga. Amapempha yekha kuti amuchepetsere. Liwu loipa limabwera mochedwa, poti "yatentha", ndipo limeneli likunena zotsatira, osati gwero. Mwini njinga aganiza za dzuwa, za mtunda, za oyilo wakale. N'zoona kuti njinga za kabaza zimasunga oyilo payekha, choncho sizifa msanga ngati kainjini ka "nitro", koma mavalavu ndi pisitoni zimapsa ndithu. Tijenereta tating'ono ta two-stroke, tomwe timalira kuseri kwa malo ometera ndi oonetsera mafilimu, ndiye abale enieni a "nitro": oyilo wake amathiridwa m'petulo momwemo.

Onani zomwe zimachitika ndi pulagi. Makaniko akaimasula amayang'ana mtundu wake. Ikakhala ndi mwaye, mafuta achuluka, ndipo "yada" ndi liwu loyenera: aliyense amva kuti pali vuto. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Ikakhala yoyererako ngati phulusa, mafuta achepa. Tsono nenani kuti "pulagi yayera". Kuyera m'Chichewa ndi ukhondo, ndi mwayi, ndi chiyero cha kutchalitchi. Wophunzira ntchito wa miyezi iwiri akamva zimenezo aibwezeretsa pulagiyo akumwetulira.

Vuto lachiwiri ndi la galamala. Pagalaja pamtherankhani amasiyidwa: tsegula pang'ono, tseka, manga, masula. Poyankhula sizivuta, poti chala chikuloza. Papepala chala palibe. Ndipo makabuleta a njinga sali ofanana: ena kasikuluwu kawo kochunira kamayang'anira mpweya, ena kamayang'anira mafuta. Pa oyambawo ukamanga wachulutsa mafuta, pa enawo ukamanga wachepetsa. Pa "nitro" kumanga ndi kuchepetsa mafuta nthawi zonse. Mneni mmodzi, zotsatira zotsutsana. Wolemba malangizo m'Chichewa ayenera kudziletsa kulemba "tsegulani" payekha. Alembe "tsegulani mpweya" kapena "tsegulani mafuta", ngakhale zimveke zobwerezabwereza.

Palinso -its- wathu wokondedwa. "Mangitsani" akhoza kukhala msintho womchititsa, kuti uzani wina amange, kapena wotsindika, kuti mangani kolimba. Pakamwa kamvekedwe ka mawu kamasiyanitsa. M'kalembedwe kathu sitiika zizindikiro za kukweza ndi kutsitsa mawu. Komanso Mmalawi aliyense anakula akuuzidwa kuti chomanga chizimangitsidwa, kaya ndi mtolo wa nkhuni kaya ndi bawuti ya gudumu. Kasikuluwu kochunira kabuleta nsonga yake njosongoka ngati singano. Ukakamangitsa umaphwanya nsongayo ndi pokhalira pake, ndipo sikadzachunikanso bwino. Pamenepa langizo labwino la m'mudzi ndi lowononga.

Za liwu loti "mafuta" ndingodutsapo. Ndi ophikira, ndi odzola, ndi a nkhumba, ndi a galimoto. Amakaniko anathana nalo kale vutoli pobwereka petulo, dizilo, oyilo ndi girizi. Omwe amafuna kuchotsa mawu obwerekawa n'kuikapo "mafuta ofewetsera zitsulo" akubweza chisokonezo chomwe eni ntchito anachichotsa okha. Mwina mwaonanso kuti ndikulemba "kabuleta" ndi "galaja", osati ndi r. Ndikutsata lamulo lija loti r amabwera pambuyo pa i ndi e. Zikwangwani za m'misika sizilitsata, ndipo sindikuziimba mlandu. Palibe injini inafapo chifukwa cha l.

N'chifukwa chiyani dzenje la "lean" silinakwiriridwe? Mbali ina ndi yoti ntchito zamanja m'makoleji zimaphunzitsidwa m'Chingerezi, pomwe ambiri okonza njinga anaphunzirira pansi pa mtengo, poyang'ana manja a wamkulu. Mbali ina ndi yathu. Chichewa Board inayamba mu 1972, ndipo Centre for Language Studies ku Zomba inalowa m'malo mwake mu 1996. Zaka zonsezi Chichewa cholembedwa chakula kwambiri kumbali ya sukulu, chipembedzo, zaumoyo, ulimi ndi zisankho, komwe kuli mabuku ndi ndalama zomasulirira. Ife ophunzira timatsata komweko. Kafukufuku wa miyambi timamuthamangira. Wa mawu a pagalaja timamuona ngati wakuda m'manja.

Wina anganene kuti tingotenga fanizo la Chingerezi lenilenilo. "Lean" amanenedwanso pa nyama yopanda mafuta, ndipo ampikisano ena amati injini ili "fat" mafuta akachuluka. Ndiye kuti "yanona" ndi "yosanona". Zikugwirizana bwino papepala, koma kunona kwathu n'kotamanda, ndipo "yosanona" ndi kungokana chabe, sikuopseza munthu. Ine liwu lomwe ndikuliona kuti lingagwire ntchito ndi "kutuwa". Munthu amatuwa akasowa mafuta odzola. Palibe amene amanyadira kutuwa. Mwana akatuwa, mayi ake amachita manyazi. Ndi mneni wa thupi, choncho akukhala bwino pakati pa kumwa ndi kutsamwa. Ndipo akufotokoza zomwe diso likuona: pulagi ya njinga yomanidwa mafuta imaoneka ngati phulusa, kawaya ka pulagi ya "nitro" nakonso kamasiya kunyezimira n'kumbuwa. Liwu limodzi likunyamula chizindikiro, gwero lake, ndi chenjezo.

Langizo lolembedwa likhoza kumveka chonchi: "Pulagi ikada, njinga ikumwa kwambiri, chepetsani mafuta pang'ono, muyese. Ikatuwa, mwaimana, onjezerani mafuta musanatsikire kuchigwa." Mneni woti "kumana" ndamuikamo dala. Kumana mlendo chakudya ndi mlandu kwathu kuno, ndipo wakabaza yemwe amasekerera akamva kuti njinga yake "siikumwa" sangasekerere chimodzimodzi atauzidwa kuti, "Achimwene, njingayi mukuimana."