Kuunika Kanema wa Kempe Gowda

M'nyumba zoonetsera mavidiyo ku Chiputula, mumzinda wa Mzuzu, akanema a ku India a nkhonya ndi mfuti amakopa achinyamata. Mwa akanema a mtundu umenewu, woyenera kuunikidwa ndi Kempe Gowda, yemwe adatuluka m'chaka cha 2011 m'chiyankhulo cha Chikannada, cha m'chigawo cha Karnataka. Katswiri Sudeep ndiye adatsogolera ntchito yojambula, ndipo iye yemweyo ndiye mtengambali wamkulu. Nkhani yake idachokera mu Singam, kanema wa Chitamil wa m'chaka cha 2010.

Kempe Gowda ndi wapolisi wa kumudzi wodana ndi ziphuphu. Arumugam, mkulu wa zigawenga wa ku Bangalore, atalamulidwa kukasainira belo pa polisi ya kumudziko, adatuma munthu wina m'malo mwake. Wapolisiyo adakanitsitsa mpaka mwini wake adabwera yekha. Pofuna kulipsira, Arumugam adakonza zoti mdani wakeyo asamutsidwire kumzinda, kumene iye adali ndi mphamvu.

Apa ndi pamene pagona ukoma wa kanemayu. Mkangano wonse ukubuka pa kanthu kooneka kochepa, siginecha, koma phunziro lake ndi lalikulu: lamulo siliona nkhope. P. Ravi Shankar, amene akusewera ngati Arumugam, ali ndi mawu aukali ochititsa nthumanzi, motero woonera amakhulupirira kuti wapolisiyo alidi pamoto.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngwazi yathuyi ilibe chofooka. Imagwetsa amuna ambirimbiri ndi dzanja limodzi, choncho woonera sadera nkhawa za mathero. Ragini Dwivedi, wosewera ngati bwenzi lake, wangopatsidwa ntchito yokometsera nyimbo. Chilema chachikulu chili kumapeto: chigawenga chikufa ndi dzanja la wapolisi, osaonekera kubwalo la milandu. Munthu amene adayamba ndi kuteteza lamulo akutsiriza ali wapolisi, woweruza ndiponso wopereka chilango.

Kwa anthu a ku Mzuzu, nkhaniyi si nthano chabe. Pa zionetsero zimene zidayamba pa 20 Julaye 2011, chaka chomwecho cha kanemayu, anthu 20 adafa m'dziko muno, ndipo Mzuzu ndiwo udataya anthu ochuluka kuposa mizinda ina. Ena mwa iwo adagona kumanda a Zolozolo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a m'chaka cha 1994 limalamula kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ngakhale akhale woipa ngati Arumugam.

Motero wophunzira woonera kanemayu ayamikire kulimba mtima kwa Kempe Gowda pokana ziphuphu, koma asaombere m'manja chipolopolo chake chomaliza. Mlandu suwola, ndipo malo ake ndi kubwalo.