Tiyambe Tayang'ana M'khola Mwathu

Masiku ano tikumva kuti atsikana ena ophunzira a m'mizinda akunena poyera kuti safuna kubereka. Mau otere akafika ku Bolero kapena ku Hewe, akuluakulu amagwira pakamwa. Ifenso tinadabwa. Koma tisanawaweruze, tiyambe tayang'ana m'khola mwathu.

Kuno ku Rumphi ukwati umamangidwa ndi malowolo, ndipo ana amakhala a kuchimuna. Ng'ombe zikangotuluka m'khola, abale a mwamuna amayamba kuwerenga miyezi. Chaka chikatha mkazi asanaime, apongozi amayamba kulankhula mophiphiritsa. Zikatha zaka zitatu, nkhani ya mkazi wachiwiri imafika pabwalo. Palibe amene amafunsa ngati mwamunayo ndi gojo. Mtsikana amene anakula akuona azakhali ake akubwezedwa kwao ngati mbuzi yodwala anaphunzirapo chinthu chimodzi: kuti m'banja iye ndi mimba chabe. Kodi tidabwe akati ulemu wotere saufuna?

Eklezia sanatiphunzitse zimenezi. Malamulo ake a 1983 amanena momveka kuti uchumba suletsa ukwati, ndiponso suuthetsa. Amanenanso, ndipo apa atsikana athu sakondwa, kuti munthu wolowa m'ukwati atatsimikiza mumtima kukaniratu ana sanamange sakramenti. Koma lamuloli likunena za olowa m'ukwati. Palibe pamene likukakamiza mkazi aliyense kukwatiwa. Asisteri a Rozari Woyera a m'dayosizi ya Mzuzu anasankha okha kusabereka, ndipo sitinamvepo wina akuwatcha achumba. N'zoona, iwo anatero chifukwa cha Ufumu wa Mulungu, pamene wokana ana pongoopa kusokoneza mtendere wake ali ndi funso loti akayankhe m'chikumbumtima mwake. Funsolo si la apongozi.

Mu Januwale 2022 malemu Papa Francis anadandaula za mabanja amene amaweta agalu ndi amphaka m'malo mwa ana, ndipo ena mwa ife tasandutsa mauwo chikwapu. Papa anali kulira maiko kumene ana akuchepa. Kwathu kuno kafukufuku wa boma anapeza kuti mu 1992 mkazi ankabereka ana 6.7 tikawerengera onse pamodzi, ndipo mu 2016 anali 4.4. Midzi ya m'chigwa cha Henga sikusowa ana. Amene akusowa ndi abambo pa mzere wa kusikelo, kumene timawawerenga ndi zala za dzanja limodzi; ndipo mtsikana uja anawawerenga kale.